Tsiku Limene Nangozo Adaona Kanema

Ku Lifidzi kudali amuna ambiri amene adapitako ku Halale n'kubwerako, koma wobwera ndi kanema m'mutu adali mmodzi yekha, Zeferino Mbewe. Anzake adabwera ndi mabulangete, majekete ndi masutukesi a malata, ena adangobwera ndi chifuwa. Zeferino njinga adabwera nayo ndithu, koma chuma chake chenicheni chidali pakamwa.

Adachoka pamudzi nkhondo yaikulu ya azungu ili m'kati, pothawa chibalo, ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, ndipo adakapeza ntchito yosankha fodya m'shedi ina kunja kwa tauni. Loweruka anzake akalunjika kumowa, iye ankalunjika kuholo ya m'komboni kumene ankaonetsa bayisikopo. Pobwerera kwawo adadzera ku Beira, nakhalako nyengo ndithu akusenza matumba padoko. Kumenekonso ankalolera kugona ndi njala kusiyana n'kuphonya sinema ya mmwenye wina amene ankalola anthu akuda kulowa. Motero mayina a chinthucho adali nawo atatu, bayisikopo, sinema ndi kanema, ndipo ankasankha lotchula poona munthu amene akufuna kumugometsa.

Kumudzi adasiya mkazi wake Rufina, amene iye ankamuitana ndi dzina la chiwongo kuti Nangozo. Pochoka adamusiya ali ndi mwana wamkazi kumbuyo, Violeta, ndipo pobwera adapeza mwanayo akusenza yekha mtsuko kuchokera kuchitsime. Zaka zonsezo Rufina adasunga munda, dimba ndi ng'ombe ziwiri, osadandaula kwa munthu. Adali mayi wofatsa, wa maso akuthwa, woti akaponya diso pamzere amadziwiratu phando limene mbewu siidamere.

Maganizo a Zeferino pa za kanema ankatuluka bwino nthawi yosankha mbatata ya kachewere. Akakumba, ankaunjika mbatatayo pansi pa mtengo wa pichesi pakhomo pake, ndipo anansi ankabwera kudzathandiza kupatula, yaikulu ya kumsika wa ku Domwe, yapakati ya mbewu, yaing'ono ya pakhomo. Kwa ena ntchito imeneyi ankachita kuipemphera anthu, koma kwa Zeferino ankabwera okha, ena atanyamula ndi mipando yomwe.

"Kanema weniweni ndi wa anyamata a pakavalo, a zipewa zotambalala aja," ankayamba motero, mbatata ili m'manja. "Pamenepo palibe zonyengererana. Woipa mumamudziwira kundevu, wabwino mumamudziwira kukavalo. Akayambana sapita kubwalo ai, amaswana pomwepo mpaka mipando yonse kuthyoka. Chinthu chimodzi chokha ndicho chidandisokoneza. Ng'ombe ali nazo zodzaza dambo, koma sindidaonepo ndi mmodzi yemwe akukama kapena kumanga khola. Zikadakhala kuno ng'ombe zimenezo, afisi akadanenepa."

Wina akafunsa za Angerezi, iye ankapukusa mutu. "Musatayirepo nthawi. Munthu alowa m'chipinda, ayankhula. Mnzake aimirira, ayankhula. Amwa tiyi. Kenako mungomva kuti uje wamwalira, koma maliro ake simuwaona, wolira palibe, womanga bokosi palibe. Mtundu wanji umenewo wosakhuza maliro?"

Amwenye ankawapatsa ulemu pang'ono, koma nawonso sankapulumuka. "Amenewo kulira amakudziwa. Koma mnyamata akafuna mkazi satuma ankhoswe, amangoyamba kuimba. Mtsikana athawira kuseri kwa mtengo, nayenso aimba. Mvula ivumba, ali kuimbabe. Utuluke panja ukadzithandize, pobwera uwapeza ali pamtengo pomwepo. Komatu nyimbo zake, abale, zimakutsata mpaka pamphasa, mawa umangozindikira ukuimba chinenero chimene suchidziwa."

Akafika pa kanema wa Apwitikizi ankayamba wayang'ana kumsewu, kuopa kuti mwina kukudutsa sipayi, wapolisi wa boma lawo, ndipo ankatsitsa mawu. "Mayi wovala zakuda waima pamwala, akuyang'ana nyanja, akuimba ngati walandira uthenga wa maliro. Mwamuna wake ali m'bwato. Mudikira kuti kapena bwato limira, silimira. Mudikira kuti kapena afika, safika. Mumatuluka muli ndi chisoni chosadziwa mwini wake."

Wina amene ankamuseketsa ndi wa azungu ogwa m'matope ndi kuponyerana chakudya kumaso, ngakhale itadutsa njala yaikulu ija adaleka kumutchula, ati chakudya si choseweretsa. Koma padali mtundu umodzi umene unkamukwiyitsa zenizeni, wa azungu osaka nyama m'nkhalango. "Anthu akuda asenza katundu, kambuku akangolira, onse ataya katundu n'kuliyatsa liwiro. Ndani wa ife adatayapo katundu wa mzungu? Ukadataya, msana wako ukadakhala wako?" Pamenepo anthu sankaseka, ankangoti, "Zoona."

Mwa omvera onsewo, womvetsera kwambiri adali Rufina. Nkhanizi adazimva kambirimbiri koma sizinkamukwana. Ndipo adali ndi maganizo akeake, chifukwa iye ankakonda wa Amwenye, yemwe uja mwamuna wake ankamunyoza. Ankati mtsikana wothawira kuseri kwa mtengo ali ndi nzeru, akufuna aone ngati mnyamatayo atopa. Chimene chinkamuzunguza mutu ndi choti anthu amoyo angayende bwanji pansalu yopachika, osagwa.

"A Mbewe," adatero tsiku lina anansi atabalalika, "mwandiuza zambiri, ndipo mumauza bwino. Koma kandimverere adakanena za m'maluwa. Ndikufuna ndidzaone ndekha ndi maso angawa, ngakhale kamodzi kokha ndisadafe."

Zeferino adakondwa kwambiri ndi pempholo, nalonjeza ndi mtima wonse. Tisamunamizire munthuyu, nkhanza adalibe, ndipo mkazi wake ankamukonda. Vuto lake lidali lakuti ankadziwa kwambiri. "Mudzaona, Nangozo," adayankha. "Koma mmera m'poyamba. Kanema woyamba ndiye amakhala m'mutu moyo wonse, ena onse amangomutsatira. Wanu woyamba adzakhala weniweni, m'holo yeniyeni, ya mipando yopinda. Tidzadutsa malire, tidzakwera basi pa Dedza mpaka ku Limbe. Tingogulitsa mbatata ya chaka chino."

Pasadathe nthawi, kumishoni ya Fonte Boa kudafika makina a kanema ochokera ku Ulaya, ndipo kudamveka kuti pa festa, chikondwerero cha pamishonipo, adzaonetsa moyo wa woyera wina. Estele, mng'ono wake wa Rufina, adalawirira m'mamawa kudzatenga mkulu wake. Rufina adasamba, nadzola, namanga mpango wake wa pa Misa. Koma Zeferino adali atafufuza kale kwa Martinho, katekisita wa m'mudzimo, amene adaona nawo makinawo akuyesedwa.

"Ndafunsa ine," adatero Zeferino ataima pakhomo. "Ndati muli kavalo? Akuti muli bulu mmodzi. Ndati muli ndewu? Akuti woyerayo amangogwada. Woyera ndimamulemekeza, koma amene uja si kanema, ndi katekisimu woyenda. Mukayamba ndi ameneyo mudzati Mbewe adali kundinamiza zaka zonsezi. Sungani khosi, Nangozo, mkanda woyera mudzavala."

"Alamu," adatero Estele, amene sankabisa mawu, "mkanda wake uti? Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Asiyeni achemwali akaone buluyo."

Zeferino sadaletse ndi ukali, ndipo mwina kukadakhala bwino akadakalipa, chifukwa ukali munthu amatha kuuzemba. Iye adangooneka wokhumudwa, ngati munthu amene wakonza mphatso kwa nthawi yaitali ndiye wina akufuna kumulanda. Rufina adamuyang'ana, namasula mpango, nauza mng'ono wake kuti apite yekha. Estele adabwerako pakamwa pali yasa, akusimba za nkhope zazikulu kuposa chitseko ndi za mayi wina amene adathawa pabenchi poona bulu akubwera kwa iye. Rufina adaseka nawo, kenako adanyamula khasu napita kudimba, ngakhale kudalibe chochita kudimbako.

Mbatata ya chaka chimenecho idagulitsidwa, koma ng'ombe imodzi idathyoka mwendo ndipo padafunika ina. Chaka chotsatira mbatata idapsa ndi chiwawu. Kenako msonkho, kenako denga.

Mwayi wachiwiri udawapeza okha, osaufuna. Adali ku Domwe ndi ngolo ya mbatata pamene kutsidya kwa malire kudamveka chimkuzamawu. Anthu adati yafika galimoto ya boma la Angerezi yoonetsa kanema kwaulere, ndipo dzuwa likangolowa ayamba. Msika wonse udayamba kulongedza, amayi akumangirira ana kumbuyo, onse kulunjika kutsidya. Rufina adangoleka kumanga thumba nayang'ana mwamuna wake. Zeferino adapita kukafunsa, ndipo adabwerako akuseka mpaka misozi.

"Mukudziwa zimene aonetse? Kakumbidwe ka chimbudzi ndi kaungidwe ka mizere! Nangozo, inu amene mizere yanu anthu amaima panjira kuisirira, mukaphunzitsidwe ndi nsalu? Ndiye adzukulu akadzakufunsani kuti agogo, kanema wanu woyamba adali wa chiyani, mudzati wa chimbudzi?"

Rufina nayenso adaseka, pakuti zidali zoseketsadi. Adamanga ng'ombe, nayamba ulendo wobwerera kudakali kowala. Koma ngolo ikukwera chitunda, iye adakhala chotembenukira kumbuyo, akuyang'ana kumene anthu ankapita mpaka phiri lidatchinga. Zeferino adaona, ndipo mumtima mudamulasa pang'ono, koma adadzitonthoza kuti chaka chamawa ndiye basi, zivute zitani.

Chaka chamawacho Violeta adakwatiwa, ndipo ukwati umadya. Chinacho kudabadwa mdzukulu. Ulendo wa ku Limbe sudafe ai, unkatchulidwa nyengo iliyonse yosankha mbatata, moti anansi adaupatsa dzina loti basi ya a Mbewe. Munthu akalonjeza chinthu chokayikitsa ankamuuza kuti, "Chidzabwera pa basi ya a Mbewe." Zeferino ankaseka nawo, osadziwa kuti ndionetsetse adathetsa nkhosa.

Maso a Rufina adayamba kuzilala mwakachetechete, ndipo iye adabisa. Ulusi wa singano ankapempha Violeta kuti amulowetsere, ati zala zawuma. Popalira adayamba kusiya udzu pafupi ndi chimanga, chinthu chimene sadachitepo. Zeferino, munthu amene ankatha kukumbukira mtundu wa chipewa cha mzungu amene adamuona pansalu zaka khumi zapitazo, zonsezi sadazione. Adadzazindikira pansi pa mtengo wa pichesi, ali pakati pofotokoza ndewu ya m'nyumba ya mowa. Adaona mkazi wake akutola mbatata, osaiyang'ana, koma kuisisita ndi zala ndi kuinunkhiza, kenako n'kuika yowola pamulu wa mbewu. Nkhani idamuthawa pakamwa. Madzulo ake adamuimika padzuwa namuyang'ana m'maso, ndipo adaona kanthu kotuwa ngati mkaka m'maso onse awiri.

"Zidayamba liti, Nangozo?"

"Kalekale. Ndinkati zitha."

"Bwanji osandiuza?"

"Mukadatani, a Mbewe? Si maso anu."

Infirimeru, namwino wa kumishoni, adati ndi ng'ala, ndipo dokotala wodziwa kuichotsa ali kutali kwambiri, kumene anthu a makasu safikako. Adawapatsa mankhwala odontheza, koma adanenetsa kuti chifungacho chizingokulirakulira. Pobwerera Zeferino adapalasa njinga ali ndi mantha. Sankaganiza za munda kapena za amene adzaphike. Ankaganiza za lonjezo lake, ndi kuti nthawi yolikwaniritsa ikutha tsiku ndi tsiku m'maso mwa mkazi amene wakhala pakaliyala kumbuyo kwake.

Tsono munthu uja wosankha adasanduka wopempha. Za ku Limbe adazisiya, chifukwa mvula idali itayamba, misewu yaduka, ndipo mapepala odutsira adali ovuta. Ankangofuna kanema aliyense, wa bulu, wa chimbudzi, ngakhale wa Angerezi akumwa tiyi. Adapita kwa Martinho, koma adamva kuti makina a ku Fonte Boa adawonongeka ndipo chitsulo chake akuchidikira kuchokera ku Ulaya. Adapalasa kupita ku Domwe kukafunsa za galimoto ija, namuuza kuti nyengo ya matope siiyenda. Adafika mpaka kutauni ya ku Vila, akufunsa m'makantina, masitolo a kumeneko, ngati pali mmwenye kapena mzungu amene ali ndi makina kunyumba. Ena adamuseka, ena adamuyesa woledzera. Dzinja lonselo ankati akadzuka, choyamba n'kufunsa mkazi wake kuti, "Mukuuona mtengo uja?" Poyamba Rufina ankati akuuona. Kenako ankati akuona chakuda pamene pali mtengo. Chimanga chikucha adati, "Ndikudziwa kuti ulipo."

Uthenga udafika nthawi yokolola. Martinho adabwera yekha kudzanena kuti makina akonzedwa, ndipo Lamulungu ikatha Misa adzaonetsa kanema m'chipinda cha shikola, mophunzirira ana, masana, kuti ochokera kutali abwerere kukuwala. Zeferino sadafunse ngati muli kavalo. Adapukuta njinga, napopa matayala, nayala bulangete pakaliyala. Estele adali atapita kukadwazika apongozi ake, motero adanyamuka awiri okha. Rufina adali wosangalala ngati mwana, njira yonse akufunsa ngati afika.

Chipindacho chidali chachitali, chamazenera m'mbali zonse, ndipo adawatseka ndi masaka a mbatata kuti mukhale mdima. Kutsogolo adapachika nsalu yoyera. Pakhomo padaima Martinho akulongosola anthu monga mwa nthawi zonse, amuna dzanja lamanja, akazi dzanja lamanzere, monga m'tchalitchi. Umu ndi mmene anthu ankakhalira pa Misa, pamaliro ndi pamsonkhano uliwonse, ndipo palibe amene adaganizapo kuti zingakhale mwina. Zeferino adali atakonza zonse m'mutu, kuti adzakhala pafupi ndi mkazi wake, adzamulozetsa nkhope kunsalu, ndipo pamene maso alephera adzamunong'oneza. Za kakhalidwe aka adaiwaliratu, chifukwa m'maholo a ku Halale ndi ku Beira mudali amuna okhaokha.

Adatsegula pakamwa kuti auze Martinho, koma nthawi yomweyo amuna a m'katimo adamuona. "A Bayisikopo afika! Apatseni malo apakati, lero atiuze ngati ili yeniyeni!" Manja adamukoka, ena akumusisita paphewa, ena akusendera kuti akhale. Mayi wina wachilendo adagwira Rufina padzanja mwaulemu namupezera malo kumapeto kwa benchi, pafupi ndi khoma. Zeferino akadatha kunena mawu ochepa chabe, akuti mayiwa saona bwino, ndikhala nawo. Martinho sakadakana. Koma adaganiza za kuseka kwa amuna onsewo poona mwamuna wa imvi, wodziwa za m'tauni, atapanikizika pakati pa azimayi ndi makanda. Adati adikire kaye mdima ugwe, adzadutsa anthu osamuona. Mbewa ya manyazi idafera kuuna.

Chitseko chidatsekedwa, makina adayamba kulira, ndipo nsalu idawala. Chipinda chonse chidati, "Aaa!" Zimene zidaonetsedwa tsiku limenelo Zeferino sadazidziwe bwinobwino. Kudali sitima yapamadzi, kenako anthu othamangitsana mumsewu, koma maso ake adali kudzanja lamanzere, akufunafuna mkazi wake pakati pa mipango.

Adamupeza. Rufina adakhala chowongoka, manja pamaondo, khosi atalisolola ngati munthu amene safuna kuphonya kanthu. Koma nkhope yake siidaloze kunsalu. Saka la pazenera la patsogolo pake pang'ono lidali long'ambika pakona, ndipo dzuwa la masana linkalowa pamenepo, lowala kuposa chithunzi chofooka cha makinawo. Mphepo ikawomba, sakalo linkagwedezeka, kuwalako n'kumatseguka, n'kumatsekeka. Rufina ankayang'ana pamenepo. Anthu akaseka, nayenso ankaseka, mochedwerapo pang'ono. Akakuwa, ankagwira pachifuwa. Amayi oyandikana naye adali atatengeka ndi za kutsogolo, ndipo palibe adaona kumene iye ankayang'ana.

Zeferino adadzuka. Nthawi yomweyo mutu wake udatchinga kuwala, chithunzithunzi chake chidagwera pansalu, ndipo chipinda chonse chidakuwa. "Khalani pansi, a Mbewe, mwatitchinga! Inu mudaona kale zambiri, tisiyeni ife!" Wina adamukoka jekete, ndipo adakhala. Adayesanso kuwerama kuti adutse chokwawa, koma mabenchi adali othinana, mawondo okhaokha, ndipo pakati pa amuna ndi akazi padadzaza ana okhala pansi. Adaitana chapansipansi kuti, "Nangozo, kutsogolo!" koma mawu ake adamira m'kulira kwa makina ndi m'phokoso la anthu. Akadakuwa mokweza akadamveka, koma akadauza chipinda chonse kuti mkazi wake akuonera saka. Adakhala pansi, misozi ikutsika, mnzake wa pambali akumugunda ndi chigongono kuti, "Nanga iyi, a Mbewe, mukuti bwanji? Ili yeniyeni?"

Atatsegula chitseko, amuna adamuzungulira kuti amve chiweruzo chake. Iye adawadutsa, nakatenga mkazi wake padzanja pamaso pa onse, chinthu chimene chikadathandiza akadachichita poyamba.

Njira yobwerera ku Lifidzi ili ndi zitunda, ndipo pachitunda choyamba adatsika. Zeferino ankakankha njinga, Rufina atagwira kaliyala kuti imutsogolere. Atayenda pang'ono, Rufina adayamba kuyankhula, mawu ake ali opepuka.

"Ndaona, a Mbewe. Nkhope za anthu sindidazizindikire, koma ndaona. Kumawala, kumazima, kumawalanso, ngati chinthu chopuma. Pena kumagwedezeka mofulumira, ndiye ndimadziwa kuti apa akuthamangitsana. Munkanena zoona, n'chinthu chodabwitsa."

Zeferino adangoyang'ana tayala la kutsogolo. Adafuna kunena zoona, koma adaona kuti zoonazo zikadangomupepukitsa iyeyo, n'kumulanda mkazi wake kanthu kochepa kamene adatsala nako.

"Nanga inu odziwa mukuti bwanji?" adafunsa Rufina. "Mwaona ambiri inu. Ameneyu adali wabwino, kapena ndi aja mumawanyoza aja?"

"Adali wabwino, Nangozo," adayankha. "Adali wabwino kwambiri."

Rufina adapuma mokhutira, nagwiritsa kaliyala. "Ndiye mudachita bwino kundidikiritsa," adatero.

Zeferino adaweramira pachiwongolero, napitiriza kukankha njinga kukwera chitundacho.